Chiboliboli cha ndani pa raundabauti ya Mzuzu?

Funso: Ndine mphunzitsi wa histole pasukulu ina ya sekondale kuno ku Mzuzu, ndimakhala ku Chibavi. Tsiku lina tikumwa tiyi pa buleki mnzathu wina anafunsa kuti mzinda uno utapatsidwa mwayi woimika chiboliboli chimodzi chokha pa raundabauti, tingaimike cha ndani? Tiyi anazizira m'makapu. Wina anati Chakufwa Chihana, wina Orton Chirwa, wina Inkosi M'mbelwa. Mnyamata wina atatchula Kamuzu, mayi wina wachikulire amene timaphunzitsa nawo anangonyamula kapu yawo n'kutuluka. Panalinso mkulu wa mpingo amene anati zonsezo ndi mafano basi. Kodi pali muyeso weniweni wosankhira munthu woyenera ulemu wotere, kapena zimangotengera amene ali m'boma? Ana anga a Fomu 4 akandifunsa ndiwayankhe chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, ndiyambira pa mayi amene anatuluka ndi kapu yawo aja, chifukwa pa anthu onse amene munali nawo m'chipindamo, iwowo ndi amene anayankha funso lanu, ngakhale sanatsegule pakamwa.

Inu mukamaphunzitsa za Dr Hastings Kamuzu Banda muli ndi mwayi wonena kuti "koma". Mumanena kuti anabwerera kuno pa 6 July 1958, anatsogolera nkhondo yophwanya chitaganya, anatitengera ku ufulu mu 1964, anasamutsira likulu ku Lilongwe, anamanga yunivesite ndi misewu. Kenako mumapuma n'kunena kuti koma anthu anatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, koma a Mboni za Yehova anathamangitsidwa m'dziko lawo, koma mu May 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Mumawonjezanso kuti khoti linamupeza wosalakwa pa mlandu wa ku Mwanzawo mu 1995. Choko chimakulolani kulemba zonsezi pa bolodi limodzi. Chiboliboli chilibe "koma". Chimaima pamwamba, munthu wodutsa ali pansi, ndipo chimanena chinthu chimodzi chokha: uyu mumulemekeze. Buku mukhoza kulitseka mukatopa nalo. Wa kabaza amene amazungulira raundabautiyo maulendo makumi angapo patsiku sangaitseke, ndipo palibe anamufunsa.

Kuno kumpoto dzina la Kamuzu lili ndi zipsera zakezake. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mu 1989 aphunzitsi ochokera chigawo chino amene ankagwira ntchito pakati ndi kummwera analamulidwa kubwerera kwawo, powaganizira kuti ankaphunzitsa ana a anzawo mwadala moperewera. Mabanja anagawikana, wina Mtumbuka wina Mlomwe, katundu pa lole. Sindingadabwe ngati mayi aja anakwera nawo loleyo, kapena anali mwana woikidwa pamwamba pa matiresi. Mnyamata amene anatchula Kamuzu sananame ayi, zimene akudziwa ndi zoona. Mayi aja zimene akudziwa ndi zoonanso. Ndiye funso loyamba limene ine ndimafunsa gulu lililonse lofuna kuimika chiboliboli si lakuti munthuyu anali wamkulu bwanji. Ndimafunsa kuti: amene munthuyu anawapweteka, kapena ana awo, akukhala kuti, ndipo azidutsa pati popita kumsika? Ngati azidutsa pansi pa mapazi ake tsiku ndi tsiku, mwawafunsa? Mlandu suola, ndipo simenti siukwirira.

Mwafunsa ngati zimangotengera amene ali m'boma. Kunena mosabisa, kuno kwathu zakhala zikutero kwambiri, ndipo umboni wake uli m'maina a malo. Titalandira ufulu Fort Johnston inasanduka Mangochi, Port Herald Nsanje, Fort Hill Chitipa, Deep Bay Chilumba. Izo zinakhazikika chifukwa anthu eni ake anali kutchula kale malowo m'chinenero chawo. Koma onani za Kamuzu. Boma litasintha mu 1994, dzina lake linachotsedwa pa bwalo la ndege la Lilongwe ndi pa sitediyamu ya ku Blantyre, yomwe inayamba kutchedwa Chichiri. Bingu wa Mutharika atalowa mu 2004 dzinalo linabwerera malo onse awiriwo, manda ake anamangidwa mwaulemu ku Lilongwe mu 2006, ndipo chiboliboli chake chinaimikidwa ku Area 18 mu 2009, chaka cha chisankho. Munthu yemweyo, ntchito zake zomwezo, pa zaka 15 zokha anachotsedwa n'kubwezedwa. Chimene chinasintha ndi amene ankafuna mavoti a chigawo chapakati. Ana anu muwauze zimenezi, kuti akaona chiboliboli azifunsa mafunso awiri: ndi cha ndani, ndipo anachiimika ndani, chaka chanji. Nthawi zambiri funso lachiwirilo ndi limene limakhala ndi nkhani.

Kunja nakonso n'chimodzimodzi. Ku Bristol, ku England, kunali chiboliboli cha Edward Colston, munthu amene analemera ndi malonda a akapolo n'kupereka chuma chake ku sukulu ndi nyumba za osauka za mumzindawo. Anamwalira mu 1721, koma chiboliboli chinaimikidwa mu 1895, patatha zaka 174. Amene anachiimika sanamuone n'komwe. Ankafuna chithunzi cha munthu wachuma wopatsa, ndipo za akapolo sanalembepo kanthu. Anthu anadandaula kwa zaka zambiri kuti mwina pakhomedwe chikwangwani chonena zoona zonse, koma zokambirana zinkangothera m'malere. Pa 7 June 2020 khamu linachigwetsa ndi zingwe n'kuchiponya m'madzi padoko. Anachivuula, ndipo chinakaikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale chili chogona, utoto wa ochita zionetsero uli pomwepo. Kwa ine ngati munthu wa mbiri yakale, chili chogona choncho chikuphunzitsa zambiri kuposa mmene chinkachitira chili chiimire, chifukwa tsopano chili ndi "koma" wake. Amene amati kuchotsa chiboliboli n'kufufuta mbiri amasokoneza zinthu ziwiri. Cecil Rhodes anachotsedwa pa yunivesite ya Cape Town pa 9 April 2015, koma inu mukumuphunzitsabe mu silabasi. Chimene anamulanda ndi mpando waulemu, osati tsamba lake m'buku.

Ife tinakhala ndi mlandu wathuwathu mu 2018, pamene ntchito yoimika chiboliboli cha Mahatma Gandhi inayamba pa Ginnery Corner ku Blantyre, mogwirizana ndi thandizo la dziko la India lomangira malo a misonkhano. Achinyamata anasonkhanitsa masiginecha zikwi, anakumbutsa mawu onyoza amene Gandhi analemba za anthu akuda ali ku South Africa, kumene anakhala kuyambira 1893 mpaka 1914, ndipo khoti lalikulu linapereka chiletso mu October chaka chomwecho. Ku Ghana chiboliboli chake chinachotsedwa pa yunivesite mu December 2018. Gandhi si munthu wamba, ndipo atsogoleri ena a ufulu wa mu Africa monga Kenneth Kaunda anaphunzira kwa iye njira yolimbana popanda zida. Koma chimene chinawawa anthu ku Blantyre sichinali mawu ake okha. Chinali chakuti malo apamtima pa mzinda anaperekedwa kwa mlendo anthu osafunsidwa, pamene omenyera ufulu athu, a John Chilembwe, a James Sangala ndi a Masauko Chipembere, analibe chotero pamalopo. Wopereka ndalama akasankha yekha nkhope, chiboliboli chimasanduka lisiti.

Tsono muyeso ulipo kodi? Wolembedwa pa pepala kuti mungouwerenga n'kupeza dzina, ayi. Koma tili ndi nzeru yomwe makolo athu amaigwiritsa kale ntchito kumanda. Tsiku la maliro sitimanga chiliza. Timayala nkhata, timamva mbiri ya malemu yomwe imakhala yokoma yokhayokha, ngakhale onse akudziwa kuti malemuwo anali ndi ngongole mudzi wonse. Chiliza chimadikira mvula igwe, dothi lititimire, mtumbira ukhazikike. Ukafulumira, simenti imang'aluka. Pa nthawi yodikirayo m'pamenenso ana a kunja amatulukira, angongole amabwera, ndipo banja limadziwa bwino munthu amene linamuika. Maiko ena anachita kuika nzeru imeneyi m'malamulo. Ku London chikwangwani chokumbukira munthu pa nyumba imene ankakhala sichikhomedwa zaka 20 zisanathe chimwalirireni, ndipo ku Washington chikumbutso cha munthu pa malo a boma chimadikira zaka 25. Ine ndikanakonda kuno kwathu tikanagwirizana zaka zosachepera 20, ndipo munthu wamoyo asaimikiridwe chiboliboli ngakhale atachita zotani. Zaka 20 ndi zisankho zinayi. Dzina limene lapirira maboma angapo, a chipani chake ndi a chipani chodana naye, ndiye kuti lili ndi mizu yake.

Chachiwiri, ndimauza anthu kuti atchule ntchito imodzi. Osati "anali munthu wamkulu", osati "anakonda dziko lake", mawu amene akhoza kulembedwa pansi pa aliyense. Ntchito imodzi, ya tsiku lodziwika kapena zaka zodziwika, imene mwana wa Sitandade 5 angaifotokoze. Ndiyeno mufunse ngati choipa cha munthuyo chili pambali pa ntchitoyo kapena chili mkati mwake. Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa tikati tifune wopanda banga, raundabauti izikhala ya maluwa mpaka kalekale. Colston chuma chimene ankatamandidwa nacho ndi chomwecho chimene chinachokera m'thupi la akapolo, choipa chinali mkati. Munthu wina akhoza kukhala kuti anali waukali kunyumba, kapena anasochera pa ndale atakalamba, koma ntchito imene tikumukumbukira nayo ili yoyera payokha.

Tengani John Chilembwe. Pa 23 January 1915 anthu ake anapha azungu atatu, ndipo William Jervis Livingstone wa ku Magomero anadulidwa mutu banja lake lili pomwepo. Sitingazibise, ndipo mphunzitsi wabwino sazibisa. Koma dziko linayeza thangata, kutenthedwa kwa matchalitchi ake, kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu, ndipo linagamula kuti nkhope yake ikhale pa K500 ndi K2000 ndi kuti 15 January likhale tsiku lake. Chimene chimandisangalatsa ndi mmene Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu, anamuumbira pamene chiboliboli chake chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu September 2022. Sanamupatse mfuti kapena mkondo. Anatenga chithunzi cha mu 1914, Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Anamukuza Chilembwe, Chorley n'kumusiya wamng'ono. Ntchito imodzi, chipewa chimodzi, ndipo aliyense wodutsa akhoza kuimva.

Tiyeni tsono tiyeze maina amene anatchulidwa pa tiyi paja.

Chakufwa Chihana ali ndi tsiku lake loonekeratu. Pa 6 April 1992 anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa kuti amangidwa, patangotha mwezi chiwerengedwere kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March, ndipo anamangidwadi pabwalo pomwepo. Anali atalawapo kale ndende kwa zaka zingapo m'ma 1970, choncho sankapita kosadziwa. Riferendamu ya pa 14 June 1993 ili ndi mapazi ake. Koma mukatchula dzina lake pa Mzuzu pano mupezanso anthu amene amagwedeza mutu, chifukwa cha kulowa ndi kutuluka m'migwirizano ya boma, makamaka chifukwa choima ndi Bakili Muluzi pa nkhani yofuna kusintha malamulo kuti pulezidenti apitirire materemu awiri mu 2002. Kodi chimenecho chili pambali kapena mkati? Ine ndimaona kuti chikukhudza mkati ndithu, chifukwa munthu amene tikumukumbukira polimbana ndi upulezidenti wamuyaya anadzathandizira kutsegula khomo lomwelo. Komabe sichifafaniza 6 April. Anamwalira mu June 2006 ndipo anaikidwa konkuno. Ndikanati aimikiridwe, ndikanapempha kuti aumbidwe akutsika masitepe a ndege, pepala lili m'manja, ndipo pansi palembedwe tsikulo. Tizilemekeza tsiku limenelo, zina zonse tizisiyira inu ndi choko chanu.

Orton Chirwa mlandu wake ndi wopepukirapo kuugamula. Loya woyamba wachikuda m'dziko muno, mwana wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 Kamuzu ali m'ndende ku Gweru, n'kumupatsa mpando atatuluka. Anathawa pa mkangano wa nduna wa 1964, anagwidwa pamodzi ndi mayi Vera Chirwa mu December 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe ndi khoti la mafumu, ndipo anafera m'ndende ya Zomba pa 20 October 1992, miyezi isanu ndi itatu riferendamu isanachitike. Ofufuza mozama adzakuuzani kuti iye ndi anzake a nduna anathandiza nawo kumukweza Kamuzu pamwamba pa wina aliyense chisanafike chaka cha 1964, ndipo chilombo chimene anachiweta chinadzawadya. N'zoona, ndipo ndi phunziro labwino la Fomu 4. Koma a Chirwa ali kale ndi msewu waukulu wa mumzinda uno. Ulemu ukamangounjikana pa anthu omwewomwewo, ena amaiwalika. Ndani pa Mzuzu amatchula Levi Zililo Mumba, wa kufupi konkuno ku Ekwendeni, pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944? Nanga Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anakayambitsa bungwe lalikulu la apantchito achikuda ku Cape Town mu 1919?

Za Inkosi M'mbelwa, mnzanuyo mukamufunse kuti akunena uti. M'mbelwa II, amene ali pa K20, amakumbukiridwa pokana chitaganya, ndipo ameneyo sangavute kwambiri. Koma akanena za mafumu a nthawi ya nkhondo, kuyambira Zwangendaba amene anaoloka Zambezi mu 1835 dzuwa litadetsedwa ndi kadamsana, ndiye kuti walowa m'munda wa minga. Kwa Mngoni ulendo umenewo ndi chiyambi cha mtundu, ndipo n'chifukwa chake anthu amasonkhana pa phiri la Hora chaka ndi chaka pa Umthetho. Kwa Mtumbuka amene makolo ake anazingidwa paphiri lomwelo atagalukira Angoni, kapena Mtonga amene makolo ake anathawira m'malinga kunyanja, nkhani yake ndi ina. Lero tinakwatirana, Angoni ambiri amayankhula Chitumbuka, ndipo chibale cha nthabwala pakati pa Angoni ndi Atonga chimatiseketsa pamaliro. Koma Mzuzu ndi mzinda wa onse, unakula kuchokera ku esiteti ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung m'ma 1940 n'kukhala mzinda mu 1985, ndipo muli Atumbuka, Atonga, Angoni, Ankhonde, Alambya, Achewa, Ayao. Chikumbutso chimene chingakhale pamalo pake ku Hora kapena ku Edingeni chikhoza kunena zina chikaima pakati pa tauni ndi chishango ndi nthungo. Malo nawonso ndi mbali ya chiweruzo.

Akulu a mpingo aja musawaseke. Lamulo la pa Eksodo 20 likuletsa kupanga fano ndi kuligwadira, ndipo abale athu achisilamu nawonso sakondwera ndi zoumba za nkhope ya munthu. Mukhoza kuwakumbutsa kuti Yoswa anaimika miyala khumi ndi iwiri ataoloka Yordano kuti ana akadzafunsa adzauzidwe, ndiye kuti chikumbutso pachokha sichoipa. Koma iwo akhoza kukubwezerani ndi nkhani ya njoka yamkuwa imene Mose anapanga, yomwe mfumu Hezekiya anadzaiphwanya anthu atayamba kuifukizira lubani. Ndipo pamenepo akhala akunena zoona za ndale zathu. Amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikukumbuka nkhope imodzi pa nsalu, pa baji, pa ndalama, pakhoma la sitolo iliyonse, ndipo tikudziwa kuti mtunda wochoka pa ulemu kufika pa kupembedza ndi waufupi. N'chifukwa chake nthawi zina chipilala chokhala ndi maina chimaposa chiboliboli chokhala ndi nkhope.

Ndipo maina oti alembedwe tili nawo. Pa 3 March 1959 ku Nkhata Bay, mtunda wosakwana ola limodzi pa minibasi kuchokera pa depoti, anthu anasonkhana padoko pofuna kuti abale awo omangidwa amene anali m'sitima ya Mpasa amasulidwe, ndipo asilikali anawaombera. Lipoti la Devlin, la komiti imene boma la Britain linatuma kudzafufuza, linawerenga anthu 20 ofera pamenepo, eni dera amawerenga oposa apo. Pa 20 July 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero m'dziko muno, ndipo mzinda umene unalira kwambiri ndi uno, ena mwa iwo agona ku Zolozolo. Ambiri anali anyamata wamba, ogulitsa pamsika, ongodutsa. Palibe mmodzi wa iwo amene adzakhale pa ndalama. Tikamakangana za akuluakulu okhaokha timaphunzitsa ana kuti mbiri imapangidwa ndi ovala masuti, pamene magazi ambiri anatayika ndi a ovala zigamba.

Koma mwandifunsa za chiboliboli chimodzi, ndipo sindithawa. Ine ndikanasankha mayi Rose Lomathinda Chibambo.

Anabadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba mu 1928. M'ma 1950 ali ku Zomba, mkazi wa munthu wogwira ntchito m'boma la atsamunda, anayamba kusonkhanitsa amayi kuti nawonso alowe m'nkhondo yokana chitaganya, nthawi imene misonkhano ya Nyasaland African Congress inkadzaza ndi abambo okhaokha. Mu March 1959 anamangidwa atangobereka kumene, analowa m'ndende ndi khanda kumanja, ndipo mwanayo anamutcha Gadi chifukwa cha alonda a ndendeyo. Ufulu utayandikira anakhala mayi yekhayo m'nyumba ya malamulo ndi wachiwiri kwa nduna. Mu September 1964 anachotsedwa pamodzi ndi nduna zimene zinatsutsa Kamuzu, anathawira ku Zambia, ndipo anakhala kunja zaka pafupifupi 30, dzina lake losatchulika m'sukulu. Anabwerera dziko litasintha, anadzakhala konkuno ku Mzuzu, anaikidwa pa K200 mu 2012 akali moyo, ndipo anamwalira mu January 2016.

Yesani muyeso uja. Ntchito imodzi yoti mwana aifotokoze ilipo: mayi wolowa m'ndende ndi khanda chifukwa cha dziko lake. Anakana mzungu, anadzakananso wakuda mnzake atayamba kuchita zomwezo, ndipo kawiri konse analipira yekha. Sanakhale pa mpando nthawi yaitali yoti n'kupweteka anthu. Mayi aja a kapu akhoza kudutsa pansi pake osatembenuza nkhope, mnyamata wa Kamuzu ujanso chimodzimodzi, popeza mayi Chibambo anali m'gulu lomwe linamuitana ndi kumuvinira Kamuzuyo. Ndiponso tiziona zoona: amayi a dziko lino anavina m'masitediyamu zaka 30 kutamanda bambo mmodzi, ndipo mukawerenga maina a misewu, masukulu ndi mabwalo athu muona kuti pafupifupi onse ndi a abambo. Vuto lake ndi limodzi, ndipo ndi lamulo langa lomwe: zaka 20 zimakwana mu 2036. Sindiliphwanya chifukwa choti munthuyo ndimamukonda, apo ayi mawa wina adzaliphwanya chifukwa cha amene iye amamukonda. Tidikire. Nthawi yodikirayo tiigwiritse ntchito kujambula mawu a amene anakhala nawo ku Zambia ndi ku Zomba akali moyo, ndi kumva ngati pali wina ali ndi dandaulo limene sitinalimve.

Amene angasankhe asakhale munthu mmodzi, kaya ndi nduna, kaya meya, kaya wopereka ndalama. Khonsolo ya mzinda ndiyo mwini malo, ndipo nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala ili ndi mawu ake pa lamulo, koma amenewa akhale omaliza kusaina, osati oyamba kusankha. Maina achokere m'mawodi, m'mipingo ndi m'mizikiti, kwa mafumu, kwa amayi a pamsika, kwa ophunzira a ku Mzuni. Alengezedwe pa wailesi m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chichewa, papatsidwe miyezi yoti wotsutsa atsutse, ndipo banja la mwini nkhope lione chithunzi choumbacho chisanathiridwe mkuwa, chifukwa palibe chochititsa manyazi ngati kuvundukula nsalu ana ake n'kufunsana kuti ameneyu ndani. Mawu a pansi alembedwe m'zinenero zimene odutsa amayankhula, osati Chingerezi chokha. Ndiponso muikiretu ndalama yosamalira. Ndinafikapo pa chipilala china m'boma lina ndi ana asukulu, tinapeza chikwangwani chachitsulo chinazulidwa kalekale ndi ogulitsa zitsulo zakutha, thengo lafika m'chiuno, mbuzi zili pamthunzi. Ana anandifunsa kuti ndi cha ndani, ndipo ngakhale wogulitsa nzimbe pafupi pomwepo sanadziwe. Mvula ya Mzuzu mukuidziwa, ndere sizichedwa.

Za ana anu a Fomu 4, musawapatse dzina langali. Agaweni m'magulu, gulu lililonse litenge munthu mmodzi, ena akhale omuimira, ena akhale oimira amene anawalakwira, ndipo gulu lililonse lilembe mawu osapitirira 30 oti akhomedwe pansi pa chiboliboli, mawu oti mbali zonse ziwiri zivomere kuti ndi oona. Mudzaona kuti pa anthu ena mawu 30 amakwana bwinobwino, pa ena ana adzakangana mpaka belu kulira. Muyambe ndi kuwauza atulutse ndalama zimene ali nazo m'thumba, K20, K50, K100, K200, aphimbe dzina ndi chala, anene kuti nkhopeyo ndi ya ndani ndipo anachita chiyani. Ndipo ngati mayi aja angalole, apempheni adzakhale nawo m'kalasimo tsiku limene gulu la Kamuzu lidzayankhule.